Msonkho wa nyumba: wakuba amabisala m'buku

Munthu akalandira kalata ya msonkho wa nyumba kuchokera ku khonsolo, maso ake amathamangira m'munsi mwa pepala pamene alemba ndalama zoti alipire. Zikachuluka amang'ung'udza, zikachepa amapinda pepalalo n'kukhala phee. Ndi ochepa amene amafunsa kuti: kodi nyumba yangayi aiika pa mtengo wanji, amene waiika pa mtengowo ndani, nanga ya mnansi wanga aiika pa zingati? Ine ndikuti chilungamo chonse cha msonkho umenewu chagona pa mafunso atatu amenewa. Mzinda umene anthu ake safunsa, kapena saloledwa kuona mayankho ake, umaberedwa dzuwa likuswa mtengo popanda wothyola loko.

Kuti timvane bwino, awerengi, ndiloleni ndikutengereni kutali pang'ono, ku Chicago, mzinda wa m'chigawo cha Illinois ku Amereka. Sikuti anthu a kumeneko ndi oipa kuposa ena ayi. Ndausankha chifukwa nkhani yake idalembedwa, idafika m'makhoti, ndipo idachitika pa nthawi imene mzindawo unkakula mofulumira zedi. M'chaka cha 1870 ku Chicago kudali anthu pafupifupi 300,000. Chaka chotsatira gawo lalikulu la mzinda lidapsa ndi moto, komabe pofika 1890 anthu adali ataposa 1 miliyoni, mu 1900 adafika 1.7 miliyoni, ndipo mu 1930 adapitirira 3.3 miliyoni. Mu 1889 mzindawo udameza madera oyandikana nawo monga Hyde Park ndi Lake View. Pamene dzana pankadya ng'ombe, lero payima nyumba zosanjikizana, ndipo mtengo wa malo umasintha usiku umodzi. Mzinda wotere ndiye paradaiso wa munthu wogwira buku la mitengo.

Tiyambe ndi mmene msonkho umenewu umayendera ku Chicago, chifukwa ndi wosiyana ndi uja amadula pa malipiro. Akuluakulu amayamba awerengera ndalama zimene akufuna pa chaka: za masukulu, apolisi, ozimitsa moto, misewu ndi zina. Kenaka amatenga buku mmene mwalembedwa mtengo wa malo alionse ndi nyumba iliyonse, n'kugawa katunduyo molingana ndi mitengo ya m'bukumo. Zili ngati msonkhamsonkha wa pa maliro. Bokosi lili ndi mtengo wake, ndipo kalipentala sachotsera chifukwa choti wina wazemba. Mmodzi akaponya zochepa m'mbale, otsalawo ndi amene amaonjezera, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Tiyerekeze nyumba ziwiri zofanana mu msewu umodzi, iliyonse yoti ikhoza kugulitsidwa madola 10,000. Woyeza mitengo walemba yoyamba pa 2,000, yachiwiri pa 6,000. Msonkho ukakhala madola 5 pa 100 alionse, mwini woyamba alipira madola 100, wachiwiri 300. Mukawafunsa akuluakulu, akuuzani ndi nkhope youma kuti onse alipira mofanana, asanu pa zana, ndipo pa kalata palibe cholakwika chilichonse. Chinyengo chidachitika kale, tsiku limene cholembera chidakhudza buku.

Lamulo lokha lidali labwino. Malamulo aakulu a Illinois a mu 1870 ankati munthu aliyense ndi kampani iliyonse azilipira msonkho molingana ndi mtengo wa katundu wake. Koma oyeza mitengo adali anthu a ndale, osankhidwa pa chisankho m'madera ang'onoang'ono. Woyeza aliyense ankadziwa kuti akalemba katundu wa m'dera lake motsika, anthu ake asenza gawo lochepa la msonkho wa chigawo chonse ndipo adzamuvoteranso. Mnzake wa dera lina ankachita chimodzimodzi, ndipo udasanduka mpikisano wonama. Pofuna kuthetsa zimenezi, mu 1867 chigawo chidakhazikitsa bungwe lotchedwa State Board of Equalization. Ntchito yake idali kulinganiza: kuona boma limene lalemba katundu wake motsika kuposa anzake, n'kukweza apa kutsitsa apo kuti onse ayende pa muyezo umodzi. Pambuyo pake bungweli lidapatsidwanso ntchito yoyeza chuma cha makampani aakulu.

Kodi zidathandiza? Mu 1894 mtolankhani wa ku Britain, W. T. Stead, adalemba buku lotchedwa If Christ Came to Chicago, mmene adaonetsa poyera kuti anthu olemera kwambiri mu mzindamo ankalembedwa ngati ali ndi katundu wochepa woseketsa. Posakhalitsa ofesi ya boma la Illinois, pansi pa bwanamkubwa John Peter Altgeld, idatulutsa lipoti losonyeza zomwezo. Anthu adakwiya, ndipo mu 1898 aphungu adasintha lamulo: m'boma la Cook County, mmene muli Chicago, adaika bungwe la oyeza asanu ndi bungwe lina la anthu atatu lomva madandaulo. Maofesi adasintha maina, koma buku lidatsalabe m'manja mwa andale.

Amene adagwedeza mtengo mpaka zipatso kugwa sadali nduna kapena bishopu. Adali amayi awiri ophunzitsa ku pulayimale, Margaret Haley ndi Catherine Goggin. Mayi Haley ankaphunzitsa ana a anthu osauka ogwira ntchito kophera ng'ombe. Aphunzitsi adali atakhazikitsa bungwe lawo, Chicago Teachers' Federation, mu 1897, ndipo adalonjezedwa kuti malipiro awo azikwera. Posakhalitsa bungwe loyendetsa masukulu lidabweza lonjezolo. Chifukwa chake chidali chija timachidziwa tonse: ndalama palibe.

Wina akadangolira n'kubwerera m'kalasi. Amayi awiriwa adafunsa kuti: ndalama palibe chifukwa chiyani mu mzinda wolemera chonchi? Mu 1900 adasiya choko n'kukakhala pansi ndi mabuku a msonkho. Zimene adapeza ndi izi. Makampani a gasi, magetsi, lamya ndi sitima zazing'ono zonyamula anthu m'misewu adapatsidwa chilolezo choika mapaipi, mawaya ndi njanji m'misewu ya anthu onse. Chilolezo chimenecho ndicho chidali chuma chawo chenicheni, cha madola mamiliyoni ochuluka, ndipo lamulo linkati chizikhomeredwa msonkho. Koma State Board of Equalization, bungwe lomwe lija lidapangidwira kulinganiza, linkangotseka maso chaka ndi chaka. Wamasiye wa kanyumba ka zipinda ziwiri ankalipira, kampani ya gasi ikudutsa ulere pa chuma chake chachikulu.

Aphunzitsi adasonkha ndalama zawo, adalemba loya, n'kukasuma kuti khoti likakamize bungwelo kugwira ntchito yake pa makampani 23. Mu 1901 khoti lalikulu la Illinois lidagamula mokomera aphunzitsi. Makampani adathamangira ku khoti la boma lalikulu, kumene ndalama zidatsitsidwa kufika pafupifupi madola 600,000, koma kulipira adalipira. Gawo la masukulu lidali pafupifupi madola 249,000. Mukuganiza kuti aphunzitsi adathokozedwa? Bungwe la masukulu lidafuna kugwiritsa ntchito ndalamazo pa zinthu zina, osati malipiro awo. Adabwereranso ku khoti, ndipo mu 1904 woweruza Edward Dunne adagamula kuti ndalamazo ndi zawo. Kumbukirani kuti pa nthawiyo amayi a ku Illinois sankaloledwa kuvotera meya kapena pulezidenti; ufulu umenewo adaupeza mu 1913. Analibe voti, koma ankadziwa kuwerenga manambala, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Phunziro loyamba ndi limeneli, abale anga. Kukhazikitsa bungwe lolinganiza sikutanthauza kuti zinthu zalingana. Mlonda naye amafunika womuona. Bungwe lija lidakhala zaka zambiri likudya malipiro pa ntchito imene silinkagwira mokwanira, mpaka anthu wamba adalikokera ku khoti. Mu 1919 lidathetsedwa, ndipo m'malo mwake mudalowa State Tax Commission.

Koma matenda sadathe. M'zaka za m'ma 1920 Chicago idali pa chimake cha kumanga, ndipo buku la mitengo lidasanduka chida cha chipani. Mkulu wa chipani wa m'dera, wofanana ndi tcheyamani wa nthambi amene ena mwa ife timamukumbukira, ankatha kugogoda pa chitseko n'kunena kuti wamva zoti msonkho wanu wakwera, ndipo iye akhoza kukakulankhulirani. Mukavomera, mtengo wa nyumba yanu unkatsika m'buku, ndipo inu munkadziwa chochita tsiku la chisankho. Mukakana, chaka chamawa munkaona nokha. Ochita bizinesi akuluakulu adali ndi njira zawo, kudzera kwa maloya odziwana ndi akuluakulu ndi zopereka za ku chipani. Kukweza mitengo mwadala kudali ndi phindu kwa andale, chifukwa munthu wopanikizidwa ndiye amabwera kudzagwada.

Taonani nzeru ya chinyengo chimenechi. Aliyense amene adatsitsiridwa ankaganiza kuti ndi iye yekha wochenjera mu msewu wonse, choncho ankatseka pakamwa. Sankadziwa kuti mnzake adatsitsiridwa koposa, kapenanso kuti zimene onsewo adachotseredwa zidakaunjikidwa pa mutu wa munthu wopanda womudziwa. Chinsinsi chidapangitsa wobedwa kuteteza wakuba.

Apa ndi pamene padalowa mphunzitsi wa za chuma wa pa Northwestern University, Herbert D. Simpson. Njira yake idali yosavuta, yoti mwana wa fomu 2 akhoza kuimvetsa. Adatenga malo ndi nyumba zikwi zingapo zimene zidagulitsidwadi, n'kuyerekeza mtengo umene wogula adapereka ndi mtengo umene udalembedwa m'buku la msonkho. Zikadakhala bwino, gawo lolembedwa likadafanana paliponse. Iye adapeza chisokonezo chokhachokha: ena adalembedwa pa kachigawo kakang'onong'ono ka mtengo weniweni, ena pafupifupi pa mtengo wonse, mu mzinda umodzi, pansi pa lamulo limodzi. Zimenezi adazilongosola pambuyo pake m'buku lake la mu 1930, Tax Racket and Tax Reform in Chicago.

Mayi Haley, amene tsopano adali atakalamba, adalinso pa nkhondoyi pamodzi ndi magulu ena a nzika. Mu 1928 State Tax Commission, motsogozedwa ndi William H. Malone, idalamula chinthu chimene andale ankachiopa kuposa ndende: mitengo yonse ya chaka cha 1927 isindikizidwe poyera, ndi dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, m'njira yoti munthu wamba amve. Anthu atalandira mindandandayo adayamba kuyenda ndi chala mzere ndi mzere. Uyu adapeza kuti mnansi wake wa nyumba yofanana ndi yake akulipira theka. Uja amene ankadziyesa wochenjera adapeza kuti adapusitsidwa. Palibe mlaliki amene akadautsa mzinda ngati mmene mapepala amenewo adachitira. Chaka chomwecho bungwelo lidalamula kuti malo onse ndi nyumba zonse za mu Cook County ziyezedwenso mwatsopano, potsata malamulo amodzi olembedwa.

Ndikadakhala wokonda nthano zothera pabwino ndikadalekera pomwepa. Koma zimene zidatsatira ndi zowawa, ndipo sindikubisirani. Kuyeza kwatsopano kudatenga nthawi yaitali kuposa mmene ankayembekezera, ena mwa akuluakulu akale akukokera m'mbuyo. Kwa zaka pafupifupi ziwiri makalata a msonkho sadatumizidwe. Msonkho wa 1928 udayamba kutoleredwa mu 1930. Nthawi yonseyo mzinda, pansi pa meya William Hale Thompson, sudachepetse kudya. Unkakongola ku mabanki popereka mapepala olonjeza kuti msonkho ukadzabwera udzabweza, ngati mlimi wogulitsa chimanga chisanache. Ali mkati mochita zimenezo, mu Okutobala 1929 msika wa masheya ku New York udagwa, ndipo chuma cha dziko lonse chidalowa pansi.

Makalata atayamba kufika, adafika motsatizana, kwa anthu amene ntchito zidali zitawathera ndipo nyumba zawo zidali zitatsika mtengo. Bungwe lotchedwa Association of Real Estate Taxpayers lidauza eni nyumba kuti asalipire mpaka makhoti agamule. Mamembala ake adafika pafupifupi 30,000. Dandaulo lawo lidali ndi mutu: ankati malo ndi nyumba ndizo zikusenza katundu yense, pamene chuma chosaoneka ndi maso cha anthu olemera, monga masheya ndi ndalama za ku banki, chimene lamulo linkati chizikhomeredwanso msonkho, sichinkalembedwa n'komwe. Kumapeto kwa 1931 woweruza Edmund Jarecki adagwirizana nawo, koma mu 1932 khoti lalikulu la Illinois lidagubuduza chigamulocho, ndipo pofika 1933 bungwelo lidali litatha mphamvu.

Nanga amene adalipira mtengo wa sitalaka imeneyo ndani? Aphunzitsi omwe aja. Miyezi inkatha osalandira, kapena kupatsidwa mapepala amene eni sitolo ankawalandira pa mtengo wotsika. Mu Epulo 1933, chaka chimene Chicago inkakonza chionetsero chachikulu chokondwerera zaka 100, aphunzitsi zikwizikwi adaguba n'kukalowa m'mabanki a pakati pa mzinda kufuna malipiro awo. Ngongole yawo idabwezedwa mu 1934 mzinda utathandizidwa ndi ngongole yochokera ku boma lalikulu la ku Washington. Mu 1932 aphungu adali atathetsa kale mabungwe awiri aja a mu 1898, n'kuika ntchito yoyeza m'manja mwa woyeza mmodzi kuti pakalakwika adziwike woloza chala.

Tsono ndikudziwa zimene ena anene, makamaka amene buku lobisika limawakomera. Ati: mwaona, kukonza zinthu ndiko kudagwetsa mzinda, bola mukadasiya mmene zidalili, aphunzitsi akadalandira. Mawu amenewa tisawanyoze msanga, chifukwa muli choonadi pang'ono. Kuimitsa kutolera msonkho kwa zaka ziwiri popanda kuchepetsa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama kudali kusaganiza, ndipo ofuna kusintha zinthu ali ndi gawo lawo pa mlanduwo. Munthu wofolera nyumba m'dzinja amayamba wakonza pogona ana.

Komabe funso ndi lakuti: n'chifukwa chiyani ntchitoyo idakula chomwecho? Idakula chifukwa buku lidasiyidwa kuwola kwa zaka zambiri. Buku lokonzedwa moona nthawi ndi nthawi limangofunika kupukutidwa. Buku lodzaza ndi mabodza a zaka makumi atatu limafunika kung'ambidwa n'kuyamba tsamba loyamba, ndipo tsiku limenelo aliyense amene adazolowera kulipira zochepa amakuwa ngati waphedwa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Amene adagwetsa Chicago si amene adatsekula buku, ndi amene adalidetsa, pamodzi ndi amene adapitiriza kukongola pa msonkho umene sadautolere.

Ndiponso sitalaka ya msonkho siyidachiritse kanthu. Odandaula aja adali ndi mfundo, koma mankhwala awo adapweteka ana a sukulu ndi antchito wamba asanakhudze n'komwe olemera amene ankawaloza. Yerekezani ndi njira ya Mayi Haley. Iwo sadanene kuti tisalipire. Adanena kuti onse alipire, ndipo adabwera ndi maina, manambala ndi tsamba la lamulo. Njira imeneyo ndi yochedwa ndi yotopetsa, koma ndiyo idabweretsa ndalama m'thumba la mzinda.

Mwina mukuti izi ndi zakale. Mlandu suola, ndipo matenda amenewa amabwerera ngati malungo. Mu 2017 nyuzipepala ya Chicago Tribune, kenaka mogwirizana ndi bungwe la atolankhani la ProPublica, idachita zomwe Simpson adachita zaka 90 m'mbuyomo: kuyerekeza mitengo ya m'buku ndi mitengo yogulitsira. Idapeza kuti nyumba zotchipa, zambiri za m'madera a anthu akuda ndi ochokera ku Latin America, zinkalembedwa mokwera poyerekeza ndi mtengo wake weniweni, pamene nyumba zodula zinkalembedwa motsika. Njira yodandaulira, imene idayenera kuongola zolakwika, inkangozikulitsa, chifukwa odandaula ambiri adali amene ali ndi ndalama zolipira loya. Katswiri wa pa University of Chicago, Christopher Berry, adawerengera kuti pakati pa 2011 ndi 2015 katundu wa msonkho wokwana pafupifupi madola 2.2 biliyoni adasunthidwa kuchoka pa nyumba zolembedwa motsika kupita pa zolembedwa mokwera.

Zotsatira zake? Mu Malichi 2018 woyeza wamkulu, Joseph Berrios, amene adalinso mkulu wa chipani cha Democratic mu Cook County, adagonja pa chisankho cha chipulula kwa Fritz Kaegi, ndipo mu 2019 ofesiyo idaika poyera ndondomeko imene imawerengera mitengo ya nyumba. Mu Disembala 2023 Edward Burke, khansala amene adakhala pa mpando zaka zoposa 50, adapezeka wolakwa pa milandu ya katangale, ina yokhudza kukakamiza amalonda kuti ntchito yodandaula za msonkho aziipereka ku kampani yake ya maloya. Katatu konse, mu 1900, mu 1928 ndi mu 2017, chidasintha zinthu ndi chimodzi: wina adatenga buku, adaliyerekeza ndi zoona, n'kulionetsa kwa anthu.

Andale amaopa kuyeza kwatsopano kulikonse, si ku Chicago kokha. Inu amene mudakhalako ku Britain mukudziwa kuti ku England msonkho wa nyumba uja amati council tax udakhazikitsidwa pa mitengo ya mu 1991, ndipo maboma asinthana kwa zaka zoposa 30 popanda wolimba mtima woyezanso. Chifukwa chake n'chodziwika. Amene msonkho wake watsika sakuthokoza, amene wakwera sakuiwala.

Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Nafenso m'mizinda yathu timalipira ma city rates potengera mtengo umene walembedwa m'buku la khonsolo, ndipo nafenso mizinda yathu yakula mothamanga. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 19,000 mu Lilongwe. Wa 2018 adapeza pafupifupi 990,000, ndipo Blantyre idali pa 800,000. Malo amene makolo athu ankalimapo chimanga lero ndi mapuloti a mamiliyoni. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limati buku la mitengo lizikonzedwa mwatsopano zaka zisanu zilizonse. Tisaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 makhonsolo athu adayenda popanda makhansala osankhidwa ndi anthu, zaka zisanu ndi zinayi zimene nzika inalibe nthumwi yokafunsa mafunso m'chipinda cha zokambirana.

Sindikuloza munthu chala pano. Ndikungoti nkhani ya Chicago ikutipatsa mafunso oyenera kupita nawo kwa khansala ndi kwa mlembi wa mzinda. Buku limene mukutolera nalo msonkho lidakonzedwa chaka chanji? Nyumba zimene zamangidwa kuchokera pamenepo zidalowamo zonse, kapena akulipira ndi okhawo amene adalembedwa kale? Alipo amene adayerekezapo mitengo ya m'bukumo ndi mitengo imene nyumba zikugulitsidwira, kuti tione ngati wa ku Chilomoni ndi wa ku Namiwawa, wa ku Area 25 ndi wa ku Area 43, akuyezedwa ndi lichero limodzi? Amene atsitsiridwa atadandaula ndi ndani, ndipo pa chifukwa chanji? Nanga amene ali ndi ngongole zikuluzikulu za msonkho ndi ndani?

Zoyenera kuchita si zachilendo. Buku lizikhala poyera, m'njira yoti munthu wamba apeze msewu wake ndi nyumba yake, osati m'kabati imene kiyi wake ali ndi bwana amene nthawi zonse watuluka pang'ono. Malamulo oyezera akhale amodzi, olembedwa, omasuliridwa m'zilankhulo zimene anthu amamva. Kuyeza kwatsopano kuzichitika pa nthawi yake, ndipo kutolera kusaime pamene kuyeza kuli mkati. Kudandaula kukhale kosavuta, kosafuna loya, ndipo chigamulo chilichonse chotsitsa mtengo chizilengezedwa. Woyeza asakhale pansi pa chikhatho cha wandale aliyense, kaya wa chipani cholamula kaya wotsutsa.

Ndipo ife eni nyumba tidziyang'ane. Ndi angati mwa ife amene atapeza mpata woti mlamu wawo wa ku ofesi awatsitsireko pang'ono angakane? Timati tachenjera, koma tsiku limenelo tagulitsa pakamwa pathu. Sitingathenso kudzudzula zinyalala zounjikana pa msika, maenje a mu msewu kapena magetsi a m'misewu osayaka, chifukwa ifenso tili ndi tsamba limene sitikufuna kuti lioneke. Zimene tachotseredwazo akusenza ndi mayi wogulitsa mandasi amene alibe mlamu kulikonse. Umu ndi mmene anthu a ku Chicago adamangidwira manja, mmodzimmodzi, aliyense akumwetulira.

Aphunzitsi awiri opanda voti adakakamiza makampani aakulu a mu mzinda wawo kulipira, chifukwa choti adakhala pansi n'kuwerenga. Ife voti tili nayo, nyuzipepala tili nazo, makhoti alipo. Kalata ya msonkho ikabweranso, musangoyang'ana m'munsi mwa pepala. Pitani ku ofesi ya khonsolo, pemphani buku mwaulemu, pezani nyumba yanu, kenaka yendani ndi chala muone ya mnansi wanu ndi ya bwana wa kuseri kwa mpanda wautali uja. Akakuuzani kuti bwerani mawa, mawa mupitenso.